Matumba Atatu M'neti

M'mawa uliwonse makina akuchipatala amawerengera kuti mwa mitundu inayi ya malungo a dengi, udzudzu wanyamula uti. Amene anadwalapo mtundu wosiyana ndi wa tsikulo amaswera m'neti, poti kudwala kachiwiri kumapha.

"Lero ati wachitatu," anatero a Kachingwe akumwetulira, foni ili m'manja. "Paja ine ndinadwala woyamba. Kumunda mupitanso nokha, mayi a Tiyese."

Linali tsiku lachisanu a Kachingwe akuswera m'neti, chimanga chikudyedwa ndi chiswe kumundako.

Akazi awo, Nankhoma, sanakangane nawo. Anakweza neti, nalowetsamo matumba atatu a chimanga chosatonola ndi lichero, kenako anapindira netiyo pansi pa mphasa mwachikondi.

"Makina ati musalumidwe, bambo a Tiyese. Za manja anuwo sananenepo kanthu."