Funso la Dokotala

Keziya anagwirizira mwamuna wake, Ambokile, pamene dokotala ankamuyeza. Maso anali achikasu, manja akukupiza ngati nkhuku yodulidwa khosi.

"Chiwindi chatopa, mama, poizoni wakwera kumutu. Tikawatsuka m'mimba nzeru zibwerera. Tione kaye. Bambo, mtsogoleri wa dziko lino ndani?"

Ambokile anaseka, natchula dzina la ng'ombe yake yolimira mpunga ku Kaporo.

Mnyamata wa Payoniya, kazitape wa chipani, anadzuka pabedi loyandikana.

Keziya anatseka pakamwa pa mwamuna wake. "Mafunso onse anatha, adokotala? Osawafunsa dzina la mwana wawo bwanji? Mukuchiza kapena mukupha?"

Mnyamata uja anali akumanga kale zingwe za nsapato.