Khadi la Mimba

Tumpe ankasenda nthochi zophika pomwe mwamuna wake analowa atagwira tsaya lotupa.

"Kuchipatala andibweza, mayi a Gwakisa. Akuti khadi laulere lija linatha."

"Linali la mimba yanga. Mwana mpaka wayamba kuyenda."

"Komatu akuti mukatenganso pakati, banja lonse atilembanso." Anamwetulira monyengerera. "Kamwana kamodzi sikangatiphe."

Tumpe, amene chilonda cha opaleshoni chinkamuwawabe akawerama, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndikang'ambidwenso ine chifukwa cha dzino lanu? Pitani kwa Subilaga wa kumsika uja. Mimba munamupatsa ija yayamba kuoneka. Mukalembetse kumeneko."

Bamboyo analisiya tsaya lija, kukamwa kuli yasa.

Tumpe anatola nthochi ina. Mphika unali usanadzaze.