Magalasi a Aphunzitsi

"Bwanji sukukopera zimene ndalemba pa kwaduru? Pita pachulu ukatilondere!" aphunzitsi a Tarsisio anakalipira Efigénia, akuloza bolodilo.

Masiku a nkhondowo, wolakwa m'kalasi ndiye ankatumidwa kukayang'anira njira yochokera ku Domwe. Mtsikanayu sanauzepo munthu kuti zakutali amangoziona ngati chifunga. Otero analipo ambiri, ankangokopera kwa anzawo.

Ali pachulupo, anaona zinthu zikuyenda kumunsi.

"Ng'ombe zimenezo," anatero mumtima.

Sizinali ng'ombe ayi, anali asilikali, ndipo posakhalitsa kusukulu kunamveka mfuti. Mfuti zitaleka kulira, anatsika. Anapeza aphunzitsi ali kwala pakhomo pa kalasi, atawomberedwa, magalasi awo ali poteropo, osasweka. Anawatola n'kuwavala.

Zilembo za pa kwaduru zinaoneka bwinobwino, chimodzichimodzi. Anakhala pamalo pake kumbuyo, yekhayekha, n'kuyamba kukopera.