Chovala Chimodzi Mudzi Wonse

Lamulo linkati munthu asayandikire moto wolusa asadavale chovala chovomerezeka. Chovalacho chidali chodula, moti khonsolo idagulira mudzi wa Kanyenda chimodzi chokha, ndipo chaka chimenecho mlatho sudakonzedwe. Anthu adachiyesa mmodzimmodzi, ndipo chidamukwana Nachisale yekha. Basi iye ndiye adakhala wozimitsa moto wa mudzi.

Chinkakhala pabalaza, kutali ndi makoswe ndi dzuwa. Amuna ake, a Gwaza, adasuntha wailesi kuti chipeze malo, ndipo Loweruka ankapaka mafuta zipi yake.

Tsiku lina zipi idakanika kudutsa pamchombo. Nachisale adamwetulira. "Bambo, ndine woyembekezera."

A Gwaza adavina pakhonde, kenaka adakhala pansi n'kugwira tsaya. Chovala chikasowa wochivala, a khonsolo ankachipereka kumudzi wina. A Gwaza adaganiza zoti azichivala iwowo. Msinkhu wawo udali wofanana ndi wa mkazi wawo, vuto lidali chimimba chawo. Adasiya masese ndi zitumbuwa, nayamba kupita kudimba wapansi. Nachisale ankawaphunzitsa kugwira paipi atakhala pampando.

M'chilimwe, moto wa osaka mbewa udafika pankhokwe ya Nabengo, mayi wamasiye. A Gwaza adakokera mimba m'kati, Nachisale adakoka zipi ndi manja awiri, ndipo idakwera mpaka m'khosi. Denga lidapsa, koma chimanga chidapulumuka.

Adabwerako akununkha utsi, mano onse pamtunda. "Lero lokha, kachipanda kamodzi ka masese?"

Nachisale adawapatsira thobwa. "Ayi bambo, m'nyumba muno mimba imodzi yakwana."