Mtima Umene Anaujambula

Namwino anachita kuitana dzina kawiri, m'pamene mayi wina anadzambatuka pabenchi. Anasiyira achemwali ake chikwama, n'kulowa m'chipinda cha dokotala.

Munali bedi lopapatiza, kanema, ndi lamba wopondapo uja amayenda yekha, munthu n'kumathamanga osafika kulikonse. Dokotala, mzimayi wa magalasi, anayang'ana khadi la chipatala: matenda a mitsempha ya mtima. Anafotokoza kuti ajambula mtima uli phee, kenako aujambulanso utathamanga. Kwa amayi a matenda amenewa, anatero, zithunzi ziwirizo zimasonyeza amene ali ndi zaka zambiri kutsogolo ndi amene akufunika opaleshoni msanga.

Namwino anafunsa chaka chobadwa. Mayiyo anayamba wawerengera kaye chamumtima.

"Mantha mpaka kuiwala zaka, mayi? Anzanu amangozichepetsa," anaseka namwino.

Anafunsanso ngati wamwa mapiritsi m'mawawo, poti analetsedwa. Mayiyo anati sanamwe ngakhale limodzi.

Anamumata timawaya pachifuwa, n'kumupaka mafuta ozizira ngati mphuno ya galu. Pakanemapo panaoneka chinthu chotuwa chikufumbata, chikutambasuka. Mayiyo sanayang'aneko. Maso ake anali pa dokotala. Aona ameneyu, aona basi, anatero chamumtima.

Lamba uja anayamba mwaulemu. Mayiyo ntchito yake n'kuchapa zovala za anthu, masitepe amakwera beseni lili pamutu, ndiye anadzilimbitsa mtima kuti izi n'zachibwana. Kenako lamba anapendekeka ngati chitunda, n'kuwonjeza liwiro. Chibwano chinayamba kulemera. Dzanzi linatsikira kumkono wamanzere, dzanzi lomwe lija iye amati limabwera chifukwa chofinya mabulangete. Pachifuwa panakhala ngati pakhala munthu. Anafuna kupempha kuti aimitse, koma analuma mlomo. Anali atalonjeza panja paja kuti amaliza.

Namwino ndiye anazimitsa yekha, n'kumugoneka cham'mbali mwachangu. Nthabwala zinathera pomwepo.

Dokotala anajambula, anajambulanso. Anavula magalasi, n'kuwavalanso. Kenako anatembenuza kanema uja n'kuloza ndi cholembera. Mbali zina za mtima zinkakoka mwamphamvu, koma khoma limodzi linangoti duu, kumaonerera anzake akugwira ntchito. Kumeneko magazi sakufikako, anatero, ndipo malowo si aang'ono.

"Sindikubisirani, mayi. Popanda opaleshoni, mtima uwu sindingaulonjeze chaka chamawa. Lero simubwerera kunyumba. Mwabwera ndi wachibale?"

 Mayiyo anavomera ndi mutu. Anapempha kuti akawauze yekha.

Anatuluka akugwirira khoma, kathonje kopukutira mafuta aja kali m'manja. Achemwali anali pomwe anawasiya paja, akupumira m'mwamba monga mwa masiku onse, atakumbatira chikwama chodzaza mapiritsi. Sabata yonse anakhalira kulira kuti lamba wa kuchipatala amagwetsa anthu, iwo sangamuponde ngakhale atawamanga. Atamuona, anamukokera pafupi ndi mpango, maso ali kukhomo la dokotala.

"Wakhoza? Sanatulukire kuti khadi ndi langa?" ananong'ona. "Ndinanena ine, mng'ono wanga, m'banja mwathu iwe ndiwe wa mtima wachitsulo. Nyamula chikwamachi tizipita."