Zidole za Madamu Gwen

Phyllis anali pa mfundo yachisanu ndi chiwiri ya chingwe chofiira pamene Abudu anasuzumira pakhomo la chipinda chake.

"Achemwali, lero mukulodza ndani?"

"Amene akufunsayo," anayankha Phyllis osadzutsa mutu.

Abudu anali dalaivala wa panyumbapo, bambo wa ku Mangochi, Msilamu wosaphonya swala. Anali atagwira ntchito pa nyumba imeneyi ya ku Al Markhiya, kudziko la Aarabu, zaka zisanu ndi ziwiri. Phyllis, wa ku Ntcheu, anali atathapo chaka ndi miyezi isanu ndi itatu. Inatsala miyezi inayi kuti kontrakiti ithe, akaone mwana wake Esnart amene anamusiya ali mu sitandade 6.

Bwana wawo wamkazi, Madamu Gwen, anali mzungu wa ku Ulaya, ndipo ankadzitcha mfiti. Ankanena mawuwo akumwetulira, monga mmene munthu amatchulira mpingo wake. Tsiku loyamba kumva zimenezi Phyllis anafuna kupempha tikiti yobwerera. Koma ufiti wa Madamu unali wa manja. Ankasungunula phula la njuchi n'kuumba makandulo. Ankamanga timitolo ta masamba ouma tofukiza m'nyumba. Ankasoka zidole za nsalu n'kuzidzaza masamba onunkhira, za anthu odwala ndi osowa tulo. Asanathyole tsamba m'kadimba ka kuseri, ankayamba athokoza chomeracho. Mwezi ukakhala wathunthu kunkabwera azimayi anayi, kutseka makatani, kukhala mozungulira pansi, kuthokoza nthaka ndi mwezi, kenako kudya keke. Palibe amene anafa.

Komanso Madamu anali ndi mtima wabwino. Antchito a nyumba zina ankagona m'tizipinda ta kuseri kwa khitchini, koma Phyllis anapatsidwa chipinda cha zenera ndi tebulo. Madamu anamuphunzitsa kupota chingwe, kumanga mfundo zisanu ndi zinayi, kuyeza kutentha kwa phula ndi kadontho pa mbale. Zala za Madamu zinkapweteka, motero pang'onopang'ono ntchito yonse yosoka inapita kwa Phyllis, makatoni a zidole nawo n'kusamukira m'chipinda mwake.

"Mwambo wathu ndi wakuti wosoka aziika chilembo cha dzina lake kuphazi kwa chidole," anatero Madamu. "Dalitso lizikhala ndi mwini wake."

Phyllis ankasoka P ndi ulusi wofiira, ndipo ankanyadira.

Ndi Abudu yekha amene sankasangalala.

"Zisiyeni izi, achemwali," anatero masanawo, ataima pakhomo pomwepo. "Kuno si ku Ntcheu. Kuno za ufiti amamanga nazo munthu. Tsiku lina wina adzaimba foni, walahi."

"Wina ndani? Inuyo?"

"Ine ndanena basi."

"Nsanje ikuphani, achimwene. Chifukwa choti inu mumagona kugalaja?"

Abudu anapukusa mutu n'kubwerera kukatsuka galimoto.

Lolemba kunabwera mwini nyumba imene Madamu ankachita lendiyo, bambo wachikulire wa mkanjo woyera. Ananunkhiza mpweya wa pabalaza, n'kufunsa Madamu za azimayi obwera mwezi ndi mwezi. Potuluka anaima pageti ndi Abudu kwa nthawi yaitali. Phyllis anawaona pazenera. Abudu ankayankhula kwambiri, dzanja lili pachifuwa.

Lachitatu, dzuwa litapendeka, apolisi anafika. Anali amuna awiri ndi mkazi mmodzi. Sanasake pabalaza kapena kuchipinda kwa abwana. Analunjika kwa Phyllis. Wapolisi wamkaziyo anakhuthulira makatoni pabedi, n'kuyamba kutembenuza zidole chimodzichimodzi. Kuphazi kulikonse kunali P. Anatola zingwe za mfundo, makandulo akuda ndi oyera, n'kuzijambula ndi foni.

Madamu anaima pakhomo, dzanja lili pakamwa, misozi ikutsika. Apolisi atatembenuka, Madamu anamugwira Phyllis paphewa n'kunong'ona m'Chingerezi.

"Usatchule dzina langa. Tikamangidwa tonse, adzakutulutsa ndani? Amuna anga apeza loya lero lomwe."

Phyllis anaona kuti zinali zanzeru. Atafunsidwa kuti zinthuzo ndi za ndani, anati ndi zake. Atafunsidwa amene anamuphunzitsa, anati anachokera nazo kwawo. Wapolisi wamkulu anagwedeza mutu ngati wamva zimene ankayembekezera. Anamupatsa pepala la Chiarabu, Phyllis n'kusaina pamene analozeredwa.

"Yala, tiye," anatero wapolisi wamkazi.

Sanamulole kusintha yunifomu. Anatuluka atavala patapata, foni yake ili m'thumba la pulasitiki pamodzi ndi zidole. Antchito a nyumba zoyandikana anali atayamba kale kusuzumira m'mageti.

Abudu anali pambali pa galimoto ya apolisi, nsanza yonyowa ili m'manja. Phyllis anaima patsogolo pake.

"Mwakhuta tsopano? Mmalawi mnzanu? Esnart akadzafunsa za ine mudzamuyankhe ndinu."

Anamulavulira pamalaya. Abudu sanapukute. Anangoyang'ana pansi.

Anamukhazika kumpando wa kumbuyo. Chitseko chinali chisanatsekedwe pamene wapolisi wamkulu anapita kukatsanzika Madamu pageti, ndipo Phyllis anamva mawu onse.

"Mwachita bwino kutiimbiranso, madamu. Koma uyu ndi wachitatu panyumba pano. Muziyamba mwawafufuza musanawalembe ntchito."

Madamu Gwen anavomera ndi mutu, n'kupukuta maso.