Majakisoni a Enyonam

Enyonam anatsina khungu la pamimba, natseka maso, nalowetsa singano. Apongozi ake, mayi Akosiwa, anali pampando wa pafupi ndi khomo akumuyang'ana ngati akuona galu akunyambita mbale ya munthu.

Pamimbapo panali patadzaza timadontho takuda ngati mikwingwirima. M'mawa uliwonse pankawonjezekera kena.

"Lero mwachepako bwanji, adona?" anafunsa mayiwo.

"Si ochepetsa thupi awa, amayi. Ndi oti magazi asaundane m'mitsempha. Munthu akachitidwa opaleshoni ngati yangayi amayenera kudzibaya masabata angapo."

"Ine ndabereka ana asanu, magazi anga sanaundanepo."

Enyonam anazula singano ija, napumira m'mwamba.

Mayi Akosiwa anachoka kwawo ku Keta kudzakhala mumzinda wa padoko wa Tema kuno mwana wawo Senyo atayamba kudwala impso. Mwamuna amene kale ankasenza yekha injini ya bwato tsopano ankapumira panjira pokwera masitepe a nyumba yake yomwe. Katatu pa sabata ankakagona pamakina otsuka magazi kuchipatala, n'kubwerako nkhope ili mbuu ngati phulusa. Ndiye m'kati mwa zimenezo, mkazi wake Enyonam anakwera ndege ya ku Istanbul kukadulitsa chifu kuti awonde.

Nkhaniyi mayiwo sanafunikire wowamasulira. Mkazi amene wakhala zaka zonsezi ndi thupi lodzaza khomo, womaliza nsima ya banku ya anthu awiri popanda manyazi, angayambe bwanji kunyansidwa ndi thupi lake nthawi yomwe mwamuna wake wayamba kufooka? Ankakonzekera umasiye. Ankafuna kuti tsiku lodzavula zakuda adzakhale ndi chiuno choti amuna a kudoko azidzacheukira.

Chilichonse chimene Enyonam ankachita chinkangotsimikizira zimenezo. Kumwa timasipuni tingapo ta msuzi, ati wakhuta. Akatero ankatuluka n'kumazungulira nyumba pang'onopang'ono, dzanja lili pamimba, ati adokotala anamuletsa kukhala pansi nthawi yaitali. Adokotala ake ati? Mpanda wa nyumbayo unali waufupi, ndipo kuseri kwake kunali galaja yodzaza amakaniko opanda malaya.

Senyo naye anali chitsiru cha mwana. Munthu wodwala chonchija, iye ndiye ankagwada kumamuveka mkazi wake masokosi othina a kuchipatala, n'kumamufunsa ngati mwendo sukutupa. Mayi Akosiwa akaona zimenezo ankayang'ana kumbali. Kwawo ku Keta mkazi wotere akanamubwezera kwa makolo ake ndi katundu pamutu.

Tsiku limenelo Senyo anali atapita kale kuchipatala. Enyonam anaponya singano yogwiritsa kale ntchito m'chibotolo, nabwezera bokosi la majakisoni mukabati, natuluka kukayamba kuzungulira kwake kuja.

Posakhalitsa kumsewu kunamveka hutala ya njinga yamoto yotola zinyalala. Mayi Akosiwa anadzuka. Maondo amene ankadandaula nawo tsiku ndi tsiku lero sanawawe. Anatenga bokosi lonse lija, analiika m'jumbo momwe munali mamba ndi matumbo a nsomba, namanga pakamwa pake bwinobwino. Anakaponya okha jumboyo m'ngolo, n'kuimirira pageti mpaka njingayo itakhota. Pobwerera anadutsana ndi mpongozi wawo, thukuta lili kamukamu, atatsamira khoma.

"Yendani ndithu, adona. Amakaniko sanakuoneni bwino."

Enyonam analowa kuchipinda kukagona.

Senyo anafika dzuwa litapendeka. Anadzigwetsa pasofa, navula nsapato, natseka maso. Mayi ake anakhala pambali pake n'kutsitsa mawu.

"Mwana wanga, pali zina mwamuna saona chifukwa cha chikondi. Ine ndine mayi ako, ndimaona. Mkazi uyu wakuika kale m'manda. Akukonza thupi loti adzakwatiwirenso."

"Amayi, ndatopa."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndakuthandiza. Zonyansa zake zodzibaya zija ndataya. Zapita ndi a zinyalala. Akafuna kukongola akakongolere kwawo, osati pamaso pa munthu wodwala."

Senyo anatsegula maso. Anayang'ana kukabati, kenako anawayang'ana mayi ake nthawi yaitali, monga mmene munthu amayang'anira chimene waponda panjira. Anawerama movutikira nayamba kuvalanso nsapato.

"Ukupita kuti, thupi lili loterolo?"

"Kukasaka majakisoni ena mafamase asanatseke. Akadumphitsa, magazi akhoza kuundana n'kukatseka m'mapapo. Anthu amafa nazo zimenezo ali chiimire."

"Ndiye iwe udziphe chifukwa cha chiuno chake?"

Senyo anaimirira atagwira khoma. Mawu ake anali otsika, opanda mkwiyo ngakhale ulemu.

"Mwa anthu onse amene anakayezedwa, impso imene yagwirizana ndi thupi langa ndi yake yokha. Madokotala anakana kumuchotsa impsoyo ali ndi thupi lija, ati angafere patebulo. Anadulitsa chifu kuti chaka chamawa adzandipatse impsoyo, amayi. Iye yemweyo anandiletsa kukuuzani, ati zikadzakanika mungadzalire kawiri."